Tafunsani Anangozo: Mwana wa pa munda wa mapeyala ku Harare

Mwezi watha ndinkayankha mtsikana wina amene anadandaula kuti amuchotsa pa timu ya ntchemberembaye chifukwa chofupika, ndiye ndinaponyapo dzina la Cara Black, kuti nayenso si wamtali koma anafika pamwamba penipeni pa tenisi. Ndinangolitchula modutsa. Taonani tsopano, mwa makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp amene akonzi anditumizira kuno ku Dedza, theka lake akufunsa za mayi ameneyu. Inu munafunsa za bondo lotupa ndi za nsapato zothamangira mundikhululukire, tidzakumana mwezi wamawa. Chifunga chatsika m'phiri chiyambire m'mawa, mbaula ndasonkha, tiyeni tiyambepo.

Anangozo, Cara Black munamutchulayo ndi ndani? Mwana wanga wa Folomu 1 amadziwa Serena Williams yekha, katswiri wa tenisi wa ku America. Anasema thabwa la bokosi la tomato, ndipo tsiku ndi tsiku akumenyetsa kampira pa khoma la khitchini mpaka pulasitala wayamba kugamuka. Ndikamukalipira amati akufuna kudzakhala Serena. — Najere, Bembeke

Anajere, pulasitalayo musiyeni kaye agamuke, ku khomalo tibwererakonso.

Cara Black anabadwa pa 17 Febuluwale 1979 ku Harare, mzindawo ukadali kutchedwa Salisbury, kumene agogo athu opita kukagwira ntchito ankangoti ku Halale. Si kutali ayi. Basi ikawoloka pa chipata chathu cha Dedza m'mawa, kudzera ku Tete ndi pa Nyamapanda, mukagona ku Harare tsiku lomwelo, ngati a pa chipata sanakuchedwetseni.

Bambo ake, a Don Black, anasewerapo ku Wimbledon, mpikisano waukulu wa tenisi wa ku London, m'zaka za m'ma 1950. Atabwerera kwawo anakhala mlimi wa mapeyala, ndipo pamunda pomwepo anakonza mabwalo a tenisi a kapinga. Ana awo atatu anakulira pa mabwalo amenewo: Byron wa 1969, Wayne wa 1973, ndi Cara mzime. Onse atatu anadzapata zikho zikuluzikulu za dziko lonse. Mu 1998 alongo akewo anathandiza Zimbabwe kugonjetsa Australia kwawo komweko, ku Mildura, pa mpikisano wa mayiko wa Davis Cup, ndipo ku Harare anthu amene sanagwirepo raketi anavina.

Za kapingazi musazione zachabe. Pa kapinga mpira sudumpha kwambiri, umatsetsereka pansi ndipo umathamanga. Mwana wokulira pamenepo sadikira mpira kumbuyo, amaphunzira kuthamangira pa ukonde n'kuumenya usanagunde pansi. Luso limeneli ndi limene linadyetsa Cara moyo wake wonse. Manja ake pa ukonde anali ngati a mayi wopeta, sumaona pamene atembenuzira lichero.

Mu 1997, ali ndi zaka 18, anapata chikho cha atsikana ku Wimbledon ndi ku US Open, ndipo anatha chakacho ali nambala wani wa achinyamata. Atalowa kwa akuluakulu zinthu zinavutirapo. Posewera yekha anafika pa nambala 31 mu 1999, ndipo chikho chachikulu cha mmodzimmodzi anapata chimodzi chokha, ku Hawaii mu 2002. Nambala 31 pa dziko lonse si masewera, koma msinkhu wake ndi mamita 1.67, ndipo nthawi imeneyo n'kuti kukulamulira zimphona, akina Venus ndi Serena Williams ndi Lindsay Davenport wa mamita 1.89. Poyambitsa mpira wamtali amaumenya kuchokera kumwamba ngati akuwaza nkhuni, wamfupi amachita kuukankha. Cara anaona pamene pagona mphamvu zake, n'kuika mtima pa masewero a awiriawiri.

Mipikisano ikuluikulu ya tenisi ilipo inayi pa chaka: Australian Open ku Melbourne, French Open ku Paris, Wimbledon ku London ndi US Open ku New York. Pa inayi imeneyi Cara anatolapo zikho khumi. Zisanu anapata ndi mkazi mnzake: ku Wimbledon katatu (2004, 2005 ndi 2007), ku Melbourne mu 2007 ndi ku New York mu 2008. Zisanu zinazo ndi za awiriawiri osakaniza mwamuna ndi mkazi, ziwiri ndi mlongo wake Wayne, zitatu ndi Leander Paes wa ku India, ndipo pa zosakanizazi palibe mzinda mwa inayi ija umene anabwerako chimanjamanja. Mukaphatikiza mipikisano ina ya chaka ndi chaka, zikho za awiriawiri a amayi zimakwana 60.

Chaka chimene ine sindichiiwala ndi 2004. N'kuti ndikuphunzitsa, ndipo madzulo ndinkachonga makope nditafunda bulangete, kawailesi kali pa BBC. Tsiku lina mu Julaye wowerenga nkhani za masewera anatha mphindi zingapo akusimba za opambana a mmodzimmodzi, Roger Federer ndi Maria Sharapova, mtsikana wa zaka 17 amene anagwetsa Serena. Kumapeto, ngati munthu wokumbukira mchere ndiwo zitaphulidwa kale, anangoti Cara Black wa ku Zimbabwe watenga zikho ziwiri, china ndi Rennae Stubbs wa ku Australia, china ndi mlongo wake. Ndinakuwa ndekha m'nyumba mpaka alonda anabwera kudzafunsa ngati kwalowa njoka. Pa ndime yotsiriza ya osakanizayo, Cara ndi Wayne anafika pakamwa pa kugonja kangapo, kungotsala mpira umodzi kuti Todd Woodbridge ndi Alicia Molik anyamule chikho, koma anaubweza mpaka kupambana. Chondimvetsa chisoni n'choti a Don anamwalira mu 2000. Pa zikho khumi za mwana wawo wamkazi sanaonepo n'chimodzi chomwe.

Tsopano za khoma. Mukapeza bandulo, lembani dzina la Cara Black pa YouTube, mumuona ataima mapazi ochepa chabe kuchokera pa khoma, akumenya mpira osaulola kugunda pansi, mwaliwiro loti maso amachita kutopa. Muonetseni mwanayo. Zimene akuchita pa khitchini yanuzo ndi zomwezo, kungoti raketi yake ndi ya bokosi la tomato.

Mayi, ine tenisi ndimaonerako pa shoo ya vidiyo mpira wamiyendo ukatha. Ngati analidi nambala wani, bwanji ife sitinamumvepo? Kapena awiriawiriwo ndi kothawira olephera? Anamugonjetsapo Serena? — Wakabaza, Lizulu

Mwanangu, funso lako lili ndi lilime lakuthwa koma ndi labwino.

Simunamumve chifukwa kanema amatsata ndalama ndi nkhope imodzi. Masewero a awiriawiri amawaika pa mabwalo a kumbali, kapena madzulo anthu atayamba kubalalika. Chaka chija cha 2004 Sharapova analandira mapaundi opitirira theka la miliyoni, pamene Cara ndi Stubbs anagawana ndalama zosafika ngakhale theka la zimenezo. Komabe usamulirire, pa moyo wake wonse wa tenisi anapata madola opitirira 7 miliyoni.

Zoti ndi kothawira olephera, kaone kaye mmene amasewerera. Bwalo la anthu anayi ndi lotambalala kuposa la anthu awiri, koma mpata woponyamo mpira ndi wochepa chifukwa pa ukonde paima munthu. Woima pa ukondeyo mpira umamufikira asanaphethire. Ukaonetsetsa, uona wapatsogolo akupinda dzanja kumsana n'kuonetsa zala kwa mnzake amene akuyambitsa mpira, kumuuza kuti aumenyere kuti, ndiponso ngati iyeyo adumphire mbali ina kukaulanda kapena aima pomwepo. Ena amanong'onezana atatseka pakamwa ndi mipira kuti adani asawerenge milomo. Mmodzi akasuntha, winayo amatseka pamene pasiyidwa, osayang'anana. Iwe ukanyamula matumba awiri a kachewere pa njinga kutsika nawo Lizulu, umadziwa mmene zimakhalira ngati wokankha kumbuyo sakumva kayendedwe kako.

Kupeza mnzako woyenera ndiye ntchito yaikulu. Liezel Huber, wobadwira ku Durban, ndi amene Cara anamugonjetsa pa ndime yotsiriza ya Wimbledon mu 2004. Chaka chotsatira anagwirizana, n'kukatenga chikho chomwecho limodzi. Anayenda limodzi zaka zingapo akuopedwa paliponse, mpaka anasiyana mu 2010, monga amasiyanirana anthu a bizinesi imodzi. Cara anayamba kukhala nambala wani wa awiriawiri mu Okutobala 2005, ndipo masabata onse amene anakhala pampandopo ndi 163, kupitirira zaka zitatu. Martina Navratilova anakhalapo masabata 237, Huber 199. Olephera safika pa mndandanda umenewo.

Za Serena sindikunamiza. Serena ndi Venus akaganiza zosewera limodzi, Cara ndi Huber ankaona zakuda. Anawagonjetsa pa ndime yotsiriza ya US Open mu 2009, n'kubwerezanso ku Melbourne mu 2010. Serena ndi wa mtundu wina, zikho zikuluzikulu 23 payekha ndi 14 ndi mkulu wake. Ine sindinanene kuti Cara amaposa Serena. Ndinati mwana wamfupi wa dziko loyandikana nafe anapeza pamene iye angakhale woyamba.

Anangozo, musatipusitse. Dzina ndi Black koma munthuyo ndi mzungu, mwana wa mwini famu. Bambo anga anakalamba akugwira ntchito m'mafamu a azungu ku Zimbabwe, anabwerako ndi sutikesi ndi chifuwa basi. Mwana wa mwini famu akhala bwanji chitsanzo cha ana athu? — Bambo Maseko, Mphate, Ntcheu

Zikomo a Maseko, ndipo pepani za bambowo. Pa zambiri mwanenazi sinditsutsa.

Malume anga anatha zaka zoposa 20 ku Harare ali gadeniboyi pa nyumba ina yomwe inali ndi bwalo la tenisi. Ankalithirira, ankakokapo chigudumu cholemera m'mawa uliwonse, ankajambula mizere ndi laimu. Atabwera kumudzi ankatha kukuuzani muyeso wa mzere uliwonse pamtima, koma raketi anali asanamenyerepo mpira ngakhale kamodzi. Tenisi ya ku Rhodesia inali ya azungu ndi makalabu awo, ndipo Cara anabadwira mbali yonona ya mpandawo. Malo analipo, madzi othirira kapinga analipo, mphunzitsi anali bambo ake omwe. Masewerawa ndi odulanso. Wosewera tenisi salandira malipiro a pamwezi ngati wa timu ya mpira, ndege, hotela ndi mphunzitsi amalipira yekha, akagonja tsiku loyamba amabwerera ndi ngongole.

Chimene ndimamupatsira ulemu n'choti sanasinthe mbendera. Huber anatenga unzika wa America mu 2007. Cara anasewera m'dzina la Zimbabwe mpaka kumapeto, ngakhale mu 2008 pamene ndalama ya kwawo inasanduka mapepala ndipo abale athu ambiri anabwerera kuno opanda kanthu. Chaka chimenecho dzina la Zimbabwe likamveka pa wailesi inkakhala nkhani ya njala kapena zipolowe za chisankho, kupatula pamene akunena za Cara kapena Kirsty Coventry wosambira uja.

Koma tiyeni tichotse famuyo, tione chotsala. Serena ndi Venus sanali ana a mwini famu, anaphunzirira pa mabwalo a boma a ku Compton, dera la anthu osauka ku California. Angella Okutoyi wa ku Kenya ndi mwana wamasiye, woleredwa ndi agogo ake amene ankagwira ntchito pa sukulu ina ya asisitere ku Nairobi yomwe inali ndi bwalo la tenisi. Mu 2022 anapata chikho cha atsikana awiriawiri ku Wimbledon, ndipo mu 2024 anatenga mendulo ya golide pa masewera a mu Africa ku Accra. Mwana wa mwini famu, ana a ku Compton ndi mdzukulu wa wantchito akufanana pa chinthu chimodzi: bwalo linali poti mwana n'kufikapo wapansi tsiku lililonse, ndipo panali wamkulu womuponyera mpira.

Apa ndiye pamene ine magazi amandiwira, a Maseko, chifukwa mabwalo tinali nawo. Ineyo tenisi ndinaphunzira ndili mtsikana pa sukulu ya mishoni, pa bwalo la dothi la pachulu limene tinkatsira tokha Loweruka. Sukulu ina imene ndinaphunzitsapo, dzina ndisunga, ndinapeza bwalo la simenti labwinobwino losiyidwa ndi asisitere. Chaka choyamba ankayanikapo chimanga cha ana ogonera. Ndinati palibe kanthu, chikauma tisesa. Chaka chachiwiri anayamba kuimikapo lole yobweretsa nkhuni, simenti n'kung'ambika pakati. Ukonde ndinakaupeza kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi mnzanga utatchinga anapiye kuti mphamba asawatole, ndipo nditafunsa anandiyankha kuti, "Nanga amayi, ukondewu umadya chiyani uli m'sitolo?" Maraketi asanu ndi limodzi a matabwa anadyedwa ndi chiswe kabati ili chikhomere, kiyi ali ndi munthu amene anasamutsidwa kalekale. Amenewo sanali azungu a ku Rhodesia, tinali ife tomwe.

Amayi, ndinkaponya zigoli pa timu ya ntchemberembaye ya kwathu. Chibadwire mwana chaka chatha, bambo a kunyumba akuti mpira watha, mayi wa mwana sadumphadumpha pagulu. Kodi Cara uja ali pabanja? — Nachisale, Golomoti

Ali pabanja, Anachisale. Anakwatiwa ndi Brett Stephens wa ku Australia, yemwe kale ankasewera mpira wa kwawoko, kenaka n'kukhala wophunzitsa masewero olimbitsa thupi. Mwana wawo woyamba anabadwa mu 2012. Mu Januwale 2013 Cara anali atanyamula kale chikho china ku Auckland. Mu 2014, ali ndi zaka 35, iye ndi Sania Mirza wa ku India anapambana mpikisano wotsekera chaka ku Singapore, umene umalola magulu ochita bwino okhaokha, ndipo pa ndime yotsiriza anangolola adani awo kutenga gemu imodzi yokha (kagawo kakang'ono ka masewero), 6-1, 6-0. Anapuma mu 2015. Kim Clijsters wa ku Belgium naye anapata US Open mu 2009 kamwana kake kakuthamangathamanga pabwalo pa nthawi yolandira chikho.

Mukapita ku sikelo mukafunse anamwino ngati thupi lakonzeka, makamaka ngati munachira ndi opaleshoni. Muyambe ndi kuyenda ndawala, kudumpha kubwere pambuyo. Za bambowo, musakangane nawo pa nthawi ya nsima. Apempheni akuperekezeni tsiku limodzi akagwire mwana kunja kwa bwalo. Amuna ambiri amene ndinawaona akukaniza akazi awo, ndi omwewo ankadzakuwa kwambiri chigoli chikalowa, amvekere, "Ameneyo ndi wa kunyumba kwanga!"

Anangozo, ndine mphunzitsi wa masewera pa pulayimale. Tili ndi malo osalala kuseri kwa makalasi. Ndipatseni miyeso, ndipo zipangizo ndingazipeze bwanji popanda thumba la ndalama? — Mphunzitsi, Tsangano

Aphunzitsi, kalata yanu ndi imene yandisangalatsa kuposa onse. Tengani cholembera.

Bwalo ndi lotalika mamita 23.77. M'lifupi ndi mamita 10.97 kwa awiriawiri, ndi 8.23 kwa mmodzimmodzi, ndiye kuti mbali iliyonse mumadula kanjira ka mamita 1.37. Ukonde umadutsa pakati, kutalika kwake ndi masentimita 91.4 pakatikati ndi mamita 1.07 pa mitengo ya m'mbali. Kuchokera pa ukonde yezani mamita 6.40 mbali zonse ziwiri, mujambule mzere wopingasa, kenaka mugawe chigawo chimenecho pakati kuti mupeze mabokosi oponyamo mpira woyamba. Kumbuyo musiye malo okwana ngati mamita 6, ana asamakagunde khoma la kalasi. Mizere jambulani ndi laimu, akasowa phulusa limagwira, kungoti mphepo ya ku Tsangano idzakupatsani ntchito yobwereza. Dothi la pachulu lothiridwa madzi n'kutsindira bwino limalimba. Musachite nalo manyazi, bwalo la ku Paris pamwamba pake ndi njerwa zoperapera.

Muyambe ndi awiriawiri. Pa bwalo limodzi mulowetsa ana anayi m'malo mwa awiri, ndipo wofooka amabisala mwa mnzake mpaka atalimba mtima. A Sitandade 1 mpaka 4 musawaike pa bwalo lonse, aseweretseni mopingasa, chingwe chomangirira timapepala ta pulasitiki chikhale ukonde. Kawerengedwe kake kasakuopseni: 15, 30, 40, kenaka gemu, ndipo wotsogola kufika magemu 6 mosiyana ndi awiri watenga seti. Ana amakagwira tsiku limodzi, amene amavutika ndi akuluakulu.

Maraketi amapezeka mwa apo ndi apo pa kaunjika, pakati pa zikwama ndi zidole, ndipo ogulitsa ambiri sadziwa mtengo wake. Yang'anani kuti chimango chisakhale chothyoka, zingwe zimamangidwanso. Mathabwa osema ngati la mwana wa Anajere ndi oyambira abwino. Chovuta ndi mipira. Kuno kumtunda mpweya ndi wopepuka, boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, Harare pafupifupi 1,500, ndipo mpira watsopano wa m'chitini umauluka ngati wapenga. Malamulo a tenisi amalola mipira yapadera pa malo okwera kupitirira mamita 1,219. Kwa inu zimenezi ndi mwayi: mipira yakutha imene a m'makalabu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amataya, kuno imadumpha mokwanira ana oyamba kumene. Lemberani kalata ku makalabuwo ndi ku bungwe loyendetsa tenisi m'dziko muno, mupemphe yakutha, muikemo chithunzi cha bwalo mwajambulalo. Wopempha ataonetsa kale thukuta lake samubweza msanga. Kiyi wa kabati yosungiramo zinthuzo akhale ndi anthu awiri.

Anajere a ku Bembeke, ndinalonjeza kubwerera ku khoma. Mwanayo msamutsireni ku khoma la njerwa zootcha lopanda windo. Atenge khala ajambule mzere wopingasa pa msinkhu wa masentimita 91, mpira uzigunda pamwamba pa mzerewo. Ayambe waima mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pa khoma, aziwerenga kuti wamenya kangati osaphonya, dzanja la kutsogolo kenaka la kumbuyo. Akafika 50 mundilembere. M'nyumba muno muli raketi imodzi imene inapulumuka ku chiswe chija, ndipo Bembeke si kutali, ndidzaipatsira wa minibasi.